Ndigulitse ng'ombe ndigule puloti ku Machinjiri? Tandithandizani nzeru abale akuchigwa

Miseu4:
Abale anga muli bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo. Ndapeza ntchito ya umakaniko pa kampani ina ku Chirimba ndipo ndayamba kale, pano ndikugona kwa mnzanga koma banja lidakali ku Ngabu, mayi akunyumba ndi ana atatu. Nde pali munthu wandionetsa puloti ku Machinjiri chakumtunda kuseri kwa phiri la Ndirande, mtengo wake ndi wabwino ndithu kuyerekeza ndi malo ena omwe ndafunsa, akuti mwini wake akufuna ndalama mwachangu komanso pali anthu ena awiri akuifuna. Ine ndalama yogwirika ndilibe koma kukhola kuli ng'ombe zisanu ndi imodzi zomwe anasiya malemu bambo, ndikuganiza zogulitsa zinayi ndigule malowo ndidzutse kaye zipinda ziwiri banja libwere. Akazi anga akukana akuti tiyambe ndi lendi. Inu amene mukukhala ku Machinjiri kapena madera otere tandiuzani chilungamo, moyo wake ndi wotani? madzi, mayendedwe, sukulu za ana, akuba, zonse. Musandibisire chonde.

Tengani_Weniweni:
Gulani achimwene musachedwe. Malo saola. Ine pomwe ndinkagula kuno kunali minda ya chimanga yokhayokha anthu ankandinena kuti ndikukakhala kutchire, lero nyumba zathithikana mpaka kuphiri ndipo ndalama yomwe ndinagulira puloti yonse lero simungagule nayo ngakhale matumba a simenti omangira chimbudzi. Lendi muzalipira mpaka imvi osaona chanu.

MayiWaKuFatima:
Achimwene a Miseu4 mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ine ndakhala ku Machinjiri kuyambira ana anga ali kupulayimale pano ena akwatira, nde ndikuuzani zomwe ndaona ndi maso. Choyamba mawu oti "pali ena awiri akuifuna" amenewo ndi a madobadoba onse, asakuthamangitseni nawo. Chachiwiri mwati chakumtunda, apa mpomwe pandidetsa nkhawa. Puloti yotchipa kuno imakhala ndi chifukwa chake, mwina galimoto siyifika nde njerwa mchenga simenti zonse muzachita kulipira anthu osenza pamutu kuchokera pomwe lole yatsitsira, mwina pansi ndi mwala okhaokha moti kukumba dzenje lachimbudzi kumadya ndalama yoposa yomangira chipinda, mwinanso ndi njira yamadzi yomwe mchilimwe siyioneka. Za madzi akumwa ndinene mosabisa, kumtunda mpopi umatha kukhala masiku uli gwaa ndipo akabwera amabwera pakati pa usiku, timadzuka 1 koloko kutunga m'zigubu ndi m'madiramu. Amene alibe mpopi pakhomo amagula pa kiyosiki chigubu chigubu, muwerengere banja la anthu asanu kusamba kuchapa kuphika tsiku ndi tsiku, akazi anu ndi amene azavutike ndi mtunda umenewo chigubu chili pamutu. Amvereni akamati tiyambe ndi lendi, akuona patali.

Dyeratu_01:
Zoona mayi. Chowawa nchoti madzi omwewo ndi a Shire wathu yemwe.

MphunzitsiWaChapananga:
Eya ndi a Shire. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mtauni, amakwera nawo mpaka pa Chileka pomwe amawakankhanso kuti afike mumzinda chifukwa Blantyre ali pamwamba kwambiri kuyerekeza ndi mtsinje. Zonsezo zimayendera magetsi, nchifukwa chake magetsi akavuta madzinso amavuta, ndipo oyamba kuuma ndi okhala kumtunda ndi kumapeto kwa mapaipi. Mu 2019 anawonjezera madzi ochokera ku Likhubula ku Mulanje koma amenewo amathandiza kwambiri mbali ya Limbe ndi Bangwe. Komanso kumbukani kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo chichokereni nthawi imeneyo anthu akungobwerabe, ambiri akukakhala kumphepete komwe mapaipi ndi misewu sizinafike. Nyumba zikutsogola, chitukuko chikubwera pambuyo.

Tengani_Weniweni:
Aphunzitsi nanga ku Ngabu madzi ake abwino ndi ati? Mijigo yambiri kwathu ndi yamchere sopo sachita thovu. Mavuto ali paliponse, bola kuvutika uli m'nyumba yako.

MayiWaKuFatima:
A Tengani inu munagula kumunsi pafupi ndi msewu nthawi yomwe malo analipo. Musafanizire ndi zomwe zatsala panozi.

MwanaWaMakhanga:
Ndimafuna ndingowerenga osalemba koma mawu oti chakumtunda kuseri kwa phiri andigwira mtima. Ife kwathu ndi ku Makhanga, madzi a mu Januwale 2015 aja Ruo atasefukira anatitengera zonse, nyumba mbuzi mbewu, tinakhala pa kampu kenako ine ndinati basi zamadzi ndatopa nazo ndikupita kumtunda. Ndinabwera ku Blantyre ndikupeza nyumba ya lendi ku Chilobwe mmunsi mwa phiri la Soche, mumtima ndinkati kuno ndiye madzi sangandipeze. Abale, ife akuchigwa madzi timawadziwa koma timadziwa a mtsinje, amene amakwera pang'onopang'ono, umaona nkhuku zayamba kukwera padenga, akulu amayang'ana pa gombe nkunena kuti tiyeni tisamuke, pena bwato limabwera. Madzi aphiri ndi ena. Nthawi ya namondwe wa Freddy uja mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku osakata, usiku tinangomva chiphokoso kumtunda kenako matope osakanikirana ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo akutsika ngati phala lotentha lotayika mu mphika, panalibe nthawi yoti utenge ngakhale chitenje. Nyumba yathu inatsala chifukwa inali chapambali pang'ono koma mzere wonse wa nyumba zomwe zinali kutsogolo kwathu mmawa kunalibe, anthu omwe timagawana nawo moto ndi mchere. Mayi wina amene ankandisungira mwana ndikapita ku geni sanapezeke mpaka lero. Dziko lonse anthu opitirira 600 anatsimikizika kuti amwalira ndipo mazana ena sanaoneke. Nde achimwene ine sindikudziwa puloti yanuyo, mwina ili pabwino, koma musapereke ndalama musanaione nthawi ya mvula. Muyang'ane kumtunda kwake kuli chani, ngati kuli miyala yongokhala pamwamba pa dothi, ngati pali ngalande yomwe anthu akutayamo zinyalala, mufunse oyandikana nawo kuti Freddy anadutsa pati. Mapiri a mu Blantyre mitengo inatha, la Ndirande ndi lambee, palibe chogwira dothi.

Nyachikadzi:
Pepani asisi. Mulungu akutonthozeni.

Dyeratu_01:
Pepani kwambiri. Nkhani imeneyi tisamaiwale msanga, anthu abwereranso kumanga malo omwe aja.

Miseu4:
Asisi a Makhanga pepani ndipo takhuta kwambiri polemba. Ngalande ilipo chammbali mwa pulotiyo koma munthu uja anati imangodutsa madzi ochepa. Pano ndayamba kuganiza kawiri.

MkuluWaKuPhokera:
Mwana wanga Miseu4, anzako akamba za kutauni, ine ndifunse za kumudzi. Wati ng'ombezo anasiya malemu bambo ako. Kodi ndi zako wekha? Mayi ako alipo? Ang'ono ako ndi alongo ako wakhala nawo pansi? Kwathu kuno ng'ombe za bambo sizikhala za mwana mmodzi, ndi zomwe mng'ono wako azalowolere, ndi zomwe zimakoka ngolo, ndi zomwe mumagulitsa imodzi chaka cha njala kapena wina akagonekedwa kuchipatala. Ukagulitsa zinayi mwa zisanu ndi imodzi khola latha limenelo, ziwiri sizibweza msanga makamaka ukagulitsa zazikazi. Ndaona mabanja ambiri akudana mpaka osayenderana pamaliro chifukwa cha nkhani ngati iyi. Komanso wogula akadziwa kuti uli pachangu amakugwetsa mtengo, mavenda a ng'ombe pa Ngabu amanunkhiza munthu wofuna ndalama lero lomwe.

Miseu4:
Bambo mwalasa. Mayi alipo ndipo mng'ono wanga sanakwatire. Ndinangowauza pafoni mwapatalipatali, mayi anangoti "uona wekha" koma mawu awo sanali omasuka.

MkuluWaKuPhokera:
Mayi akati uona wekha ndiye kuti akana. Pita ukakhale nawo pansi pamodzi ndi abambo ako aang'ono.

Tengani_Weniweni:
Madala ndikupatsani ulemu koma ng'ombe nazonso si banki yodalirika masiku ano. Akuba akutha makola usiku, matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi akagwa boma limatseka misika ng'ombe osatuluka m'chigwa miyezi, namondwe wa Ana uja mu Januwale 2022 ziweto zingati zinapita ndi madzi ku Chikwawa? Puloti siyibedwa usiku.

KabazaWaPaBangula:
Imabedwa masana bwana, ndi mapepala. Mlamu wanga anagula malo mbali ya Chileka, atapita ndi njerwa anapeza wina wathira kale maziko, onse awiri ali ndi kalata yosainidwa. Nkhani ili kukhoti mpaka pano wogulitsa anathawa.

MphunzitsiWaChapananga:
Apa a Kabaza mwakhudza pofunika, ndiloleni nditalikitse pang'ono chifukwa ambiri timapwetekera pomwepa. Malo a mu Blantyre ndi ozungulira ali ndi eni osiyanasiyana, ena ndi a khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena a unduna wa za malo, ena ndi a makolo omwe ali pansi pa mafumu monga kwa Machinjiri, kwa Kapeni, kwa Somba kapena kwa Kuntaja. Munthu akhoza kukuonetsani malo nkumati ndi munda wa agogo ake pomwe m'mabuku ndi a boma, tsiku lina mudzangoona chizindikiro chofiira pakhoma. Nde musanatulutse ndalama, dziwani kaye kuti malowo ali m'gulu liti, pitani nokha ku maofesiwo mukafunse osatuma dobadoba. Ngati ndi a makolo, musakambe ndi munthu mmodzi, kuno kumtunda malo ambiri amayendera kuchikazi nde mwamuna kapena mphwake akhoza kugulitsa malo omwe eni ake enieni ndi azilongo ake, mawa mbumba yonse ikubwera kuti sitikudziwa. Mufune mwini mbumba, amfumu adziwe, mboni zikhalepo za mbali zonse, malire ayendedwe oyandikana nawo ali pompo ndipo muike zizindikiro zasimenti tsiku lomwelo. Njira yolowera pa puloti ilembedwenso, anthu ambiri agula malo kenako woyandikana naye nkumanga fensi kutseka njira. Ndalama musaperekere m'bala kapena m'galimoto, ndipo chiphaso cha wogulitsa muchijambule. Malamulo a za malo anasintha mu 2016 nkukonzedwanso mu 2022, kalata ya amfumu payokha musaiyese mapeto a zonse.

Nyachikadzi:
Aphunzitsi izi ndasunga. Mwatithandiza tonse.

ThabwaRoadblock:
Koma bwanji simukuganizira za Mpemba achimwene? Ife akuchigwa Mpemba ndiye kwathu kwachiwiri, uli pa msewu wa kwathu womwe, Lachisanu ukaweruka umangoima pamsewu kukwera ya ku Nchalo kapena Nsanje osalowanso mtauni, kutsika Thabwa kuwoloka pa Kamuzu Bridge basi wafika. Katundu wochokera kumudzi amatsikira pakhomo, thumba la mapira, mbuzi, nsomba. Msika wa Chadzunda uli pafupi. Malo akadalipo athyathyathya ndithu ngakhale nawo akukwera mtengo.

MayiWaKuFatima:
Mpemba ndi yabwino koma munthuyu ntchito ili ku Chirimba. Kuchoka Mpemba ndi minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera, malipiro onse athera thiransipoti. Machinjiri ndi Chirimba ndi moyandikana, ena amayenda wapansi kumene.

ThabwaRoadblock:
Ntchito imatha mayi, nyumba imatsala. Mawa akapeza ina ku Limbe?

MayiWaKuFatima:
Ku Limbe kuchokera ku Machinjiri njira ilipo yodzera ku Nkolokoti, sadutsanso mtauni. Koma mfundo yanu ndaimva, nchifukwa chake ndikuti ayambe wakhala pa lendi aone kaye ngati ntchitoyo ndi yokhazikika, wangoyamba kumene.

Sorjini_Boy:
Nkhani ya thiransipoti musaipeputse. Ine ndimakhala kumapeto kwenikweni komwe minibasi siyifika, ndiyambe ndakwera njinga yamoto kukafika pa siteji kenako minibasi, mmawa anthu amakhala ali mbwee kulimbirana ndipo mtengo umasintha malinga ndi nthawi, madzulo mvula ikagwa makondakitala amakweza pompo. Nthawi ija mafuta ankasowa ndinkadzuka 4 koloko kuyenda wapansi kuti ndisachedwe kuntchito. Mvula ikagwa njinga sizikwera kwathu, nsapato zakuntchito umanyamula m'jumbo nkuvala zina zamatope. Puloti ndinagula motchipa inde koma kutchipa kuja ndikulipira tsiku lililonse.

KabazaWaPaBangula:
Kwathu kuno njinga yakapalasa imakufikitsa paliponse chifukwa ndi pathyathyathya. Kumeneko ndinayesa mwezi umodzi ndinabwerako, zitunda zake si zopalasa.

Nyachikadzi:
Ine chimene chinandivuta chaka choyamba ndi kuzizira abale. Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa ana anga anadwala chifuwa motsatizana, tinabwera ndi zovala zakwathu zopyapyala opanda juzi ngakhale imodzi, bulangeti limodzi banja lonse. A Miseu4 mukamabweretsa ana muyambe mwagula majuzi pa kaunjika.

Dyeratu_01:
Koma kugona m'nyumba mu Okutobala osatuluka thukuta nakonso ndi mwayi. Ku Ngabu madigiri amadutsa 40 anthu kugona panja pa mphasa mpaka mbandakucha.

Nyachikadzi:
Kugona panja kuja ine ndimakusowa, kucheza ndi anansi mpaka tulo. Kuno 7 koloko aliyense watseka geti. Ndipo nsima ya mapira ndi mlamba wowamba wa ku Elephant Marsh, kuno mlamba umafika wouma kwambiri mtengo kawiri.

Sorjini_Boy:
Asisi pa Limbe market pali amayi akwathu amabweretsa wabwino Lachiwiri, mukalankhula Chisena amakuwonjezerani.

MkuluWaKuPhokera:
Pa Chisena pomwepo. Zidzukulu zanga zobadwira ku Blantyre zikabwera kuno ndikati muli tani zimangondiyang'ana. Makolo ake amachita manyazi kulankhula chilankhulo chawo pa lendi poopa kusekedwa. Izi zimandiwawa kuposa za ng'ombe.

MayiWaKuFatima:
Bambo zimenezo zili ndi makolo. Kwanga m'nyumba ndi Chisena, panja Chichewa, kusukulu Chizungu, ndipo ana onse amayankhula zitatu. Oseka analipo poyamba koma ukakhala osachita manyazi amatopa okha. Ku Machinjiri kuli mitundu yonse, Alomwe Ayao Angoni Atumbuka, aliyense ndi wobwera.

WoyendetsaGulu:
Abale tabwererani ku funso la a Miseu4, za mlamba titsegulira tsiku lake. Sukulu ndi chitetezo palibe wayankha.

NamwinoWaKuTomali:
Ndiyankhe za sukulu ndi zaumoyo. Sukulu za boma zilipo koma ana ndi ochuluka zedi, kalasi imodzi ana kudzaza mpaka pakhomo, ena amalowa mmawa ena masana. Aphunzitsi amayesetsa koma mwana wofatsa amatha kusowa m'gulumo osadziwika kuti sakutha kuwerenga. Nchifukwa chake masukulu apulaiveti ali mbwee, nyumba iliyonse yaikulu yasanduka sukulu, ena ndi abwino ena ndi geni chabe nde mufunse makolo anzanu musanalembetse. Ine nkhawa yanga yaikulu ndi zimbudzi ndi zitsime. Mapuloti akudulidwa ang'onoang'ono, wakumtunda akukumba chimbudzi wakumunsi akukumba chitsime mamita ochepa, mpopi ukauma anthu amamwa omwewo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inavuta kwambiri m'madera otere mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ife akuchigwa kolera timaidziwa koma kuno imathamanga chifukwa cha kuthithikana. Mukapeza nyumba muone kuti chimbudzi mukugwiritsa mabanja angati ndipo madzi akumwa muzithira mankhwala kapena kuwiritsa osatopa.

Tengani_Weniweni:
Za akuba zilipo koma si monga anthu amakokomezera. Kwathu tili ndi neba hudi, nyumba iliyonse imasonkha pamwezi anyamata amazungulira usiku ndi mawezulo. Chachikulu ndi kudziwana ndi anansi ndi kupezeka pamaliro a m'dera. Ukamadzitsekera wekha ukakuwa usiku palibe amatuluka.

Sorjini_Boy:
Oba kwambiri amaba pa nyumba yosatha. Ine anandizula mafelemu a mawindo ndi malata asanu ndisanalowe. Mukayamba kumanga pakhale munthu wogona pompo.

MwanaWaMakhanga:
Pali china chomwe palibe wanena, alendo. Ukangokhala ndi nyumba mu Blantyre mudzi wonse umadziwa. Wodwala akatumizidwa ku Gulupu kuchokera ku chipatala cha Nsanje kapena Chikwawa, omudikirira amafikira kwa iwe, chakudya chopititsa ku wodi chimaphikidwa kwa iwe, thiransipoti yobwerera ndi iwe. Mwana wa achimwene akufuna ntchito, wa alongo akudikira zotsatira za mayeso, onse kwa iwe. Sindikudandaula ayi chifukwa nanenso ndinafikira kwa anthu pomwe ndinalibe kalikonse, koma muziike mu bajeti, zipinda ziwiri zomwe mukunenazo sizikhala za anthu asanu okha.

Dyeratu_01:
Ena amazimitsa foni akamva kuti kukubwera odwala. Zamanyazi.

Nyachikadzi:
Musaweruze msanga a Dyeratu. Munthu ali m'chipinda chimodzi ndi ana anayi, landilodi amawerenga mitu chifukwa cha bilu yamadzi, makala thumba lakwera, atani? Ine ndinasungapo anthu asanu ndi mmodzi milungu itatu mpaka ndinakongola ku banki mkhonde kuti tidye. Ndinawalandira ndi mtima wonse koma amene walephera sindimunyoza.

Dyeratu_01:
Ndamva asisi, koma kungoyankha foni nkunena kuti zandivuta kuli bwino kusiyana ndi kuzimitsa munthu ali pa depoti ndi wodwala.

MkuluWaKuPhokera:
Ndi maliro omwe. Munthu wakwathu akamwalira kutauni timafuna akagone kwawo pafupi ndi makolo ake, galimoto yochoka Blantyre kukafika ku Marka kapena kutsidya ku East Bank si ndalama yamasewera. Amene muli kumeneko muzisonkherana zisanachitike.

WoyendetsaGulu:
Thumba la zamaliro lilipo bambo, amene sanalowe andipeze kumbali. A Miseu4 inunso mulowe mukakhazikika.

Tengani_Weniweni:
Ine ndikubwerezabe, mukachedwa muzalira. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti malata zonse zinakwera nthawi yomweyo ndipo sizinatsikenso. Chaka chilichonse chomwe mwakhala pa lendi mtengo wa malo ukuthawa. Ngati iyi ili pangalande fufuzani ina koma maganizo ogula musawataye. Ana anu azakufunsani kuti zaka zonse munakhala mu Blantyre munasiya chani.

MphunzitsiWaChapananga:
A Tengani pamenepa tikugwirizana theka. Kugula ndi kwabwino, chomwe tikukana ndi kuthyola khola la banja chifukwa cha changu cha dobadoba. Komanso tisaone ngati tsogolo lili kutauni kokha. Ngalande yaikulu ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme yochokera pa Kapichira cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'chigwa, yachedwa inde ndipo namondwe wa Ana anaononga pa damu pomwe imayambira, koma madzi akadzafika munthu amene ali ndi munda ndi ng'ombe kwawo sadzakhala wosauka. Ine ndikanakonda mwendo umodzi ku Blantyre wina ku Ngabu. Malipiro a mwezi azisunga pang'onopang'ono, ng'ombe zikaswana agulitse nthena imodzi mogwirizana ndi abale, osati zinayi kamodzi.

KabazaWaPaBangula:
Ngalande imeneyo tinayamba kuimva kalekale aphunzitsi. Tizakhulupirira tikaona madzi m'munda.

Miseu4:
Abale ndabwera ndi zomwe ndapeza. Dzulo ndinapitanso ku puloti kuja ndi amuna awo a MayiWaKuFatima, takhuta mayi powatuma. Sitinamuuze dobadoba, tinangopita tokha nkuyamba kucheza ndi oyandikana nawo. Gogo wina wa nyumba yakumunsi anatitengera kuseri nkutionetsa khoma lake, mzere wa matope ukuonekabe kufika m'chiuno, akuti ngalande ija nthawi ya Freddy inadzaza nkupatuka kudutsa pakati penipeni pa puloti yomwe amandigulitsayo ndipo mwala waukulu womwe uli pakona sunali pamenepo kale, unachita kutsika. Chinanso akuti malowo ndi a mayi wina amene ali ku Joni, amene akugulitsa ndi mwana wa mchemwali wake ndipo gogoyo sakudziwa ngati mwini wake akudziwa. Ndamuimbira dobadoba kuti ndikufuna nambala ya mwini malo, wayamba kukalipa kuti ndikumutayitsa nthawi. Ndasiya. Kumapeto kwa mwezi ndikupita ku Ngabu kukakhala pansi ndi mayi ndi mng'ono wanga monga ananenera bambo a ku Phokera. Pano ndikufuna nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri chakumunsi kufupi ndi msewu wopita ku Chirimba, amene wamva ina andiuze.

MwanaWaMakhanga:
Mwachita bwino kupita nokha. Mtima wanga wakhala pansi.

Tengani_Weniweni:
Chabwino imeneyo inali yoipa ndavomera. Koma kufupi ndi kwathu kuli bambo wina akudula munda wake, ndi pathyathyathya ndipo mbumba yonse ikudziwa, ndikakufunsirani ngati angalole kulipira pang'onopang'ono. Mukabwerako ku Ngabu mudzaione, mudzaionenso mu Januwale mvula ili pakati ngati mukufuna.

ThabwaRoadblock:
Ya ku Mpemba nayonso mudzaione musanatseke mutu.

MayiWaKuFatima:
Za lendi ndikufunsirani kwa amayi a kutchalitchi Lamulungu, nyumba zabwino kuno sizilembedwa pa mtengo zimayenda pakamwa. Mukapita kukaiona mufunse izi, mita yamagetsi ndi yanuyanu kapena yogawana chifukwa yogawana mayunitsi amathera mkangano, bilu yamadzi amagawa potengera nyumba kapena mitu ya anthu, landilodi amakhala pompo kapena ayi ndipo amalola alendo ogona, akufuna miyezi ingati yoyambira. Muyang'ane kudenga ngati malata ali ndi mabowo ndi m'munsi mwa khoma ngati muli chinyezi. Akazi anu abwere adzaione okha musanalipire popeza ndi amene azikhalapo tsiku lonse. Ana musawasamutse pakati pa teremu, mudikire atseke, ndipo makalata a transifa mukatengeretu kwa ahedi ku Ngabu ulendo womwewu chifukwa kuno malo a Sitandade 1 mpaka 4 amadzaza sabata yoyamba.